Tatuu safufuta ndi asidi, ananu

Lero ndikufuna ndicheze ndi inu maanja achinyamata komanso makolo anzanga pa nkhani imene imaoneka ngati yaing'ono koma yagwedeza kale mabanja angapo kwathu kuno kwa Mposa, m'boma la Machinga. Nkhani yake ndi ya zojambula za pathupi zija achinyamata akuzitcha matatuu, makamaka zimene zimachitika tsiku limene mwini wake watopa nazo ndipo akufuna zichoke.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso angawa. Tsiku lina m'mamawa, ndikusesa pakhomo, kudafika mtsikana wa m'mudzi woyandikana nafe, mwana ali kumbuyo, maso ali psuu. Titalonjerana adati: "Agogo, tabwerani mudzawaone bambo a kunyumba. Usiku wonse sadagone, thupi latentha, ndipo pachifuwa pakutuluka fungo."

Mwamuna wakeyo adali msodzi padoko la Mposa. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, matemba ndi milamba zitasowa, adachita zimene anyamata ambiri a kuno amachita, adakwera basi ya ku Joni. Adakhalako zaka zinayi, ndalama ankatumiza ndithu, mpaka nyumba ya malata idamangidwa. Koma atabwera, tsiku loyamba kuvula malaya, mkazi adaona pachifuwa pali mtima wojambulidwa ndi inki yakuda, m'kati mwake muli dzina la munthu wamkazi. Dzinalo silidali lake, silidali la apongozi ake, silidalinso la mwana.

Mkazi adangoti: "Mufufute chimenecho, apo ayi mutenge zanu muzipita kwanu." Paja kuno mwamuna amakhala chikamwini, ndiye mawu otere si ocheza. Mnyamata adasowa mtengo wogwira. Anzake pabawo adamuuza kuti asidi wa m'batire ya galimoto amadya inki, iye n'kunyowetsa thonje, kuliika pachifuwa ndi kumanga nsalu, kwinaku akukukuta mano.

Ine ndidafika patatha masiku asanu. Ndidapeza bala lalikulu ngati chikhatho cha mwana, lodzaza mafinya, m'mbali mwake mutatupa. Ndidalitsuka, kuliphimba ndi nsalu yoyera, ndi kuwauza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. Adalandira mankhwala opha tizilombo ndi jakisoni woteteza kafumbata, ndipo balalo lidatenga miyezi iwiri kuti lipole. Pamalopo padamera chipsera chotukuka, cholimba, choyabwa usiku. Chomvetsa chisoni n'chakuti zilembo ziwiri zomalizira za dzina lija zikuwerengekabe mpaka lero m'mphepete mwa chipseracho.

Safunsa adadya phula. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30 ndipo mabala otere ndawamanga kangapo. Choncho tamverani, ndikuuzeni mmene inki imakhalira m'thupi, mmene madokotala amaichotsera, komanso mmene amaunikira khungu kuti adziwe ngati ntchito ikuyenda kapena ikuwononga.

Inki imakhala pati?

Khungu la munthu lili ngati chitenje chopinda pawiri. Lapamwamba ndi lopyapyala ndipo limasinthika lokha pafupifupi mwezi uliwonse. Litsiro lina limene mumatikita posamba ndi khungu lomweli likufunduka. Wojambula tatuu sasiya inki pamenepa, ikadakhala pamenepa bwenzi ikuchoka ngati ya bolopeni. Singano yake imaboola ndi kukasiya inki m'khungu lachiwiri, mamilimita 1 mpaka 2 pansi, mmene muli timitsempha ta magazi.

Thupi likaona mlendo ameneyu limatumiza asilikali ake, aja timawatchula tikamakamba za chitetezo cha m'thupi. Gulu lina la asilikaliwa, lotchedwa macrophage, ntchito yake ndi kumeza zachilendo. Amameza inkiyo koma sangathe kuigaya, ndiye amangokhala nayo pompo. Mu 2018 akatswiri a ku Marseille m'dziko la France adaonetsa, poyesa pa mbewa, kuti msilikali wotere akafa, inki imene adameza imatoledwa ndi mnzake watsopano pamalo omwewo. N'chifukwa chake chithunzi sichisuntha ngakhale papite zaka 40.

Ife akale tisanamizire kuti izi n'zachilendo. Agogo athu achilomwe, achiyao ndi achimang'anja ankatema mphini, zina zokongoletsa, zina za mankhwala, n'kupakamo makala kapena phulusa. Amakonde a ku Mozambique amadziwika nazo mpaka kunja. Mphini zija agogo ankapita nazo kumanda pa chifukwa chomwechi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sankalemba dzina la chibwenzi.

Njira za pabawo

Ndamvapo njira zambiri. Ena amati asidi, ena soda wopangira sopo, ena simbi yamoto kapena supuni yootcha pamakala, ena utomoni wa nkhadze, ena kukhula ndi mchere mpaka magazi. Zonsezi vuto lake ndi limodzi. Kuti chinthu chifike pamene pali inki, chiyenera kuyamba chawononga khungu lonse la pamwamba pake. Mukatero mwasinthanitsa chithunzi ndi bala. Mafuta ogulitsidwa m'misika ndi pa Facebook, oti amafufuta tatuu m'masabata awiri, nawonso ndi bodza. Ofatsa safika pamene pali inki, aukali amawotcha ngati asidi yemweyo.

Ife anthu akuda tilinso ndi vuto lina. Khungu lathu likavulala limakonda kupanga chipsera chotukuka chimene madokotala amachitcha keloid. Chimenechi sichithera pamene panali bala, chimakula kupyola malire ake, chimayabwa ndipo nthawi zina chimapweteka. Chimakonda pachifuwa, m'mapewa, kumtunda kwa msana, m'nsagwada ndi m'makutu, malo omwewo achinyamata amakonda kujambulapo. Chimayenda m'magazi a kubanja. Ngati mudaboola khutu pakamera chotupa, kapena chipsera cha katemera wa pamkono chidatukuka kwambiri, kapena mayi anu ali nazo, dziwani kuti khungu lanu si loseweretsa.

Makina a kuwala

Njira imene madokotala amaidalira masiku ano ndi makina otchedwa laser. Potchula limamveka ngati leza, koma musalisokoneze ndi lezala lometera ndevu. Makinawa sadula, amatulutsa kuwala kwamphamvu kwa mtundu umodzi wokha. M'zipatala za kumudzi mmene ndidagwira ntchito mudalibe makina otere. Amapezeka kwa madokotala a khungu m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg, Durban ndi Cape Town, kumenenso ana athu ambiri amakatenga matatuuwo.

Laser yoyamba idapangidwa mu 1960 ndi Theodore Maiman ku America. M'zaka za m'ma 1960 momwemo dokotala wa khungu Leon Goldman adayamba kuiyesa pa matatuu. Koma mfundo imene idakonza zinthu idabwera mu 1983, pamene Rox Anderson ndi John Parrish a ku Boston adafotokoza kuti ukasankha bwino mtundu wa kuwala, ndi kukuwalitsa kwa kanthawi kochepetsetsa, ungathe kutentha chinthu chimodzi m'khungu osawotcha zoyandikana nacho.

Mfundoyi si yovuta. Yanikani padzuwa chitenje chakuda ndi choyera, mudzaona kuti chakuda chatentha msanga kaamba koti chimamwa kuwala kochuluka. Inki ya tatuu imachitanso chimodzimodzi. Makinawa amawala kwa kanthawi kowerengedwa m'magawo a biliyoni a sekondi imodzi, ndipo ena atsopano, amene adavomerezedwa ku America mu 2012, amafupikitsanso kuposa pamenepa. M'kanthawi kameneka inki imatentha mwadzidzidzi ndi kusweka tizidutswa, khungu lisanayambe kupsa.

Taganizirani anthu aja oswa miyala m'mbali mwa msewu. Chimwala chachikulu sichinyamulika, koma akachiswa timiyala tija timatengeka pa wilibala. Laser ndiye nyundo, asilikali a m'thupi ndiwo oyendetsa wilibala. Amatenga tizidutswa ta inki pang'onopang'ono kupita nato m'timisempha topita kwa anabere, aja amatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche mukakhala ndi bala. Apa mumvetse bwino, makina amangoswa, wochotsa ndi thupi lanu. N'chifukwa chake pakati pa ulendo wina ndi unzake pamafunika masabata 6 mpaka 8, kapena kuposerapo.

Ndipo si ulendo umodzi ayi. Kafukufuku wina wa ku Italy amene adatuluka mu 2012, wokhudza anthu 352, adapeza kuti pambuyo pa maulendo 10 tatuu idali itachoka mwa anthu 47 pa 100 alionse, ndipo pambuyo pa maulendo 15 mwa anthu 75 pa 100 alionse. Osuta fodya zidawavuta kwambiri. Werengani nokha, maulendo 10 otalikirana masabata 8 ndi pafupifupi chaka ndi theka. Amene angakuuzeni kuti afufuta lero lomwe, mugwire chikwama chanu muzituluka.

Khungu lakuda lili ndi malamulo ake

Kuwala kuli ndi mitundu, monga mumaonera pa utawaleza, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Kuwala kwa nambala 1064 kumaswa inki yakuda ndi yabuluu wakuda. Kwa 532 ndi kwa inki yofiira. Kwa 694 ndi 755 kumathandiza pa yobiriwira ndi yabuluu. Yachikasu ndi yoyera ndiye yovuta zedi.

Tsono khungu lathu lili ndi utoto wakewake wachibadwa wotchedwa melanin, umene umatiteteza kudzuwa. Utotowu nawo umamwa kuwala. Dokotala Thomas Fitzpatrick adagawa makungu a anthu m'magulu 6, ndipo ambiri a ife tili m'gulu la 5 ndi la 6. Makina akatchedwa molakwika, kuwala kumayamba kumenya melanin kusanafike pa inki. Zotsatira zake ndi matuza, kenaka mawanga oyera kapena akuda bii amene amatenga miyezi kuti athe, ena osatha n'komwe.

Kuwala kwa 1064 ndiko kumagwirizana ndi khungu lathu chifukwa melanin sakumwa kwambiri ndipo kumalowa mozama. Kwa 532, 694 ndi 755 kumafuna dzanja losamala kwambiri pa munthu wakuda. Ndiye kuti tatuu yakuda ili ndi mwayi wochoka bwino kuposa yofiira kapena yobiriwira. Chenjeraninso ndi masaluni ofuna kugwiritsa ntchito makina ochotsera tsitsi la pathupi pa tatuu. Amenewo amawala nthawi yaitali, saswa inki koma amaiphika, khungu n'kupsera limodzi.

Kuunika ndiye mwini nkhani

Tsopano ndafika pamene pali mtima wa nkhaniyi. Vuto la ntchito imeneyi n'lakuti inki ili pansi, pamene diso siliona bwino. Mphamvu ikachuluka khungu limapsa, ikachepa mwataya ndalama. Komanso inki ikamachepa, mphamvu imene idagwira paulendo woyamba sigwiranso pa wachisanu. Choncho wodziwa ntchito amaunika asanayambe, ali m'kati, ndiponso mukabweranso. Agogo athu ankaunika dzira padzuwa kuti aone ngati muli mwanapiye, osaliswa. Madokotala akuchita zomwezo ndi khungu, ndipo njira zake ndi izi.

Yoyamba ndi diso la dokotala. Kuwala kukamenya inki moyenera, pamalopo pamayera nthawi yomweyo ngati mwawazapo ufa. Uku si kuchoka kwa tatuu ayi, ndi tithovu ta mpweya timene tapangika m'khungu, ndipo timazimirira pakatha mphindi pafupifupi 20. Kuyeraku ndi chizindikiro chakuti mphamvu yakwana. Pakapanda kusintha ndiye kuti yachepa, koma khungu likang'ambika, magazi n'kumatuluka, yachuluka. Onyenga ena amajambula chithunzi pa nthawi yoyerayi n'kumatsatsa kuti tatuu yachoka pa mphindi imodzi. Musapusitsidwe.

Yachiwiri ndi zithunzi. Munthu amene amadziona pagalasi tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha kwa pang'onopang'ono. Pamalo abwino amajambula tatuu asanayambe ndiponso ulendo uliwonse, ndi kamera imodzimodzi, kuwala kumodzimodzi, mtunda umodzimodzi. Izi inunso mungathe ndi foni yanu. Imani pamalo amodzi pamthunzi, nthawi imodzi ya tsiku, ikani rula pambali pa tatuu, osayatsa fulashi. Chithunzi cha padzuwa ndi cha m'nyumba siziyerekezeka.

Yachitatu ndi kagalasi kokhala ndi tochi kotchedwa dermatoscope, kamene kamakuza khungu nthawi 10 ndi kuchotsa kunyezimira kwa pamwamba. Ndi kameneka dokotala amaona timadontho ta inki totsala, kuyamba kwa chipsera, ndi malo amene utoto wachibadwa wayamba kuthawa. Kali ndi ntchito inanso yaikulu. Ngati pansi pa tatuu pali kadontho kobadwa nako, kayenera kuunikidwa makina asanayatsidwe, chifukwa khansa ya pakhungu imatha kubisala m'inki, ndipo kuwotcha pamenepo n'kufafaniza umboni.

Yachinayi ndi kachipangizo koyezera mtundu. Amakagunditsa pakhungu, iko kamawalitsa ndi kuwerenga kuwala kumene kwabwerera, n'kupereka manambala. Amayeza pa tatuu ndi pakhungu labwino la pambali. Manambala awiriwa akamayandikana ulendo ndi ulendo, ntchito ikuyenda. Akangoima maulendo angapo otsatizana, nthawi yakwana yosintha mtundu wa kuwala kapena yosiya. Kamathandizanso kuona ngati khungu layamba kuyera kupyola lachibadwa, diso lisanazindikire.

Yachisanu ndi makina otchedwa OCT. Amayi mukudziwa sikani ya pakati imene imaonetsa mwana m'mimba. Iyo imagwiritsa ntchito mawu, pamene OCT imagwiritsa ntchito kuwala, ndipo imaona mamilimita 1 mpaka 2 m'kati mwa khungu, pomwe inki imakhala. Njirayi idafotokozedwa koyamba mu 1991 ndipo idatchuka m'zipatala za maso. Pakhungu imaonetsa kutupa, tithovu tija, ndi mmene khungu likupolera.

Yachisanu ndi chimodzi ndi yomvetsera. Kuwala kukamenya inki, inkiyo imafufuma mwadzidzidzi ndi kutulutsa kaphokoso. Kuti kuwala kungabale phokoso adazindikira ndi Alexander Graham Bell, wa telefoni uja, mu 1880. Lero akatswiri amaika kachipangizo pakhungu komvera kaphokosoko. Kakafika mochedwa ndiye kuti inki ili pansi kwambiri, kakamveka mwamphamvu ndiye kuti inki ikadali yambiri.

Njira ziwiri zomalizazi zimapezeka makamaka m'malo a kafukufuku ndi m'zipatala zikuluzikulu, choncho musakakangane ndi dokotala kuti bwanji alibe. Koma diso lodziwa, zithunzi ndi kagalasi kaja ndi zoyenera kupezeka paliponse pamene akulandira ndalama zanu.

Ndionjezere chenjezo limodzi. Zipangizo za kuwala nazo zimasokonezeka ndi khungu lakuda. Mukukumbukira kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi, kamene tidakazolowera nthawi ya Covid-19? Mu 2020 akatswiri a ku University of Michigan adapeza kuti kamalephera kuonetsa kuchepa kwa mpweya mwa anthu akuda kawirikawiri kuposa mwa azungu. Phunziro lake n'lakuti makina paokha sakwanira, pamafunika munthu wozolowera kugwira khungu ngati lathu.

Musanavule malaya, funsani

Ngati mwatsimikiza mtima, yambani mwaonana ndi a zaumoyo kuno kwathu. Pitani kuchipatala chapafupi, ndipo kukafunika akutumizani ku chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde, cha Balaka, cha Zomba Central, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli gawo loona za khungu. Iwo akuuzani ngati khungu lanu ndi lopanga keloid, ndiponso ngati kuyabwa kapena kutupa kwa tatuu yanu, makamaka yofiira, n'chizindikiro choti thupi likudana ndi inkiyo. Tatuu yotere siiwombedwa laser mwachisawawa, chifukwa kuswa inki kungathe kufalitsa vutolo thupi lonse.

Mukafika kwa a makina, funsani mopanda manyazi. Kodi wogwira ntchitoyo ndi wovomerezeka? Kuno madokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ku South Africa ku Health Professions Council of South Africa. Kodi makina awo ali ndi kuwala kwa 1064? Kodi angakuonetseni zithunzi za anthu akuda amene adawathandiza, zojambulidwa khungu litapola? Kodi ayamba ayesa pa kamalo kakang'ono ndi kudikira masabata angapo? Kuyesaku n'kofunika kwambiri kwa inu atsikana ojambulitsa nsidze ndi milomo, chifukwa inki yoyera, yapinki ndi yofiirira imatha kusanduka yakuda ikamenyedwa ndi laser. Funsaninso mtengo wa ntchito yonse, osati wa tsiku limodzi, muonjezere ndi thiransipoti. Wokhala ku Joni achite zimenezi akadali komweko, pakuti kuyenda maulendo 10 kuchokera kwa Mposa kungamalize mpunga wa zaka zingapo.

M'chipindamo nonse muvale magalasi apadera oteteza maso. Mayi woyembekezera adikire abereke kaye. Mukatuluka, pamalopo pazikhala paukhondo, pakani Vaseline pang'ono ndi kuphimba. Matuza musaboole, nkhanambo musakande, padzuwa muzivala chophimba, ndipo asodzi musalowe m'nyanja mpaka papole. Mukaona mafinya, kufiira kofalikira kapena thupi kutentha, thamangirani kuchipatala.

Dziwaninso malire ake. Tatuu ya pakhomo, ya singano ndi inki ya bolopeni kapena mwaye, kawirikawiri imachoka msanga kuposa ya makina chifukwa inki yake ndi yochepa. Ya kuchala ndi kukakolo imachedwa kuposa ya pachifuwa. Pa mphini, laser ingachepetse kuda kwa makala koma mizere yotukuka imatsala. Nthawi zambiri pamatsala kamthunzi ka chithunzi chakale. Katatuu kakang'ono dokotala angathe kukadula ndi kusoka, koma pamatsala chipsera. Amene muli kale ndi keloid, musalole munthu kungoidula, imamera yoposa poyamba. Kuchipatala kuli jakisoni wobaya m'chipseramo amene amachifewetsa ndi kuchepetsa kuyabwa.

Kwa inu makolo ndi maanja

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi tatuu mtima umapweteka, ndikudziwa. Koma mawu oti "usalowe m'nyumba muno mpaka uchotse" ndi amene amatumiza ana ku asidi. Funso loyamba likhale loti adakujambula ndani, ndi singano yotani. Singano yobwerekana imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Kachilombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo pa chitsulo kwa masiku 7 kapena kuposa, ndipo katemera wake adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi muno mu 2002, kutanthauza kuti obadwa chakachi chisanafike ambiri sadalandire. Mwana wojambulitsa kuseri kwa sukulu kapena kudoko mupite naye akayezetse magazi. Zomwezi zikukhudzanso ife okonda kutemera ana mphini ndi lezala limodzi banja lonse.

Inu amene simunajambulitse, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kujambula ndi ola limodzi, kufufuta ndi chaka ndi theka, ndalama zambiri, ndi ululu ulendo uliwonse. Pali ntchito zina zimene polemba anthu amayang'ana thupi lonse. Pali ena amene pambuyo pake chikhulupiriro chawo chimawatsutsa. Dzina la chibwenzi ndiye musayerekeze, chibwenzi chimatha inki ikadalipo.

Inu amayi ndi abambo a pabanja, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukapeza dzina lachilendo pathupi la mnzanu, mlandu wake suli pakhungu. Itanani ankhoswe, nkhani ikambidwe, wolakwa avomere, nonse mukayezetse magazi. Ngati ubale wa kunjawo udatha, inki ndi inki chabe ndipo ingadikire mpaka mupeze njira yabwino. Ngati sudathe, ngakhale mutafufuta mpaka pafupa simunakonze kanthu.

Banja lija lilipobe. Ankhoswe adakhala pansi kawiri, mnyamata adaulula ndi kupepesa, ndipo lero amalima mpunga limodzi. Chipsera chikadayabwabe ndipo amapita kukabayitsa jakisoni. Tsiku lina tikuchokera kuchitsime mtsikana uja adandiuza motsitsa mawu: "Agogo, ndikadadziwa ndikadangowagulira vesiti." Ndidamuyankha kuti madzi akatayika saoleka, koma auze anzake asanataye awo.

Amene muli ndi bala lotere panopa, musabise chifukwa cha manyazi. Anamwino taona zambiri, sitikusekani. Pitani mawa lomweli m'mamawa.

Tionane Lamulungu likubwerali.